Dzina pa Mlatho wa Santa Brígida

Ndine ndinasema dzina lake pamwala uwu,
m'chisanu cha Julaye, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo,
zala zitauma gwa ngati mbatata yogona pachipale.
Boma linandilipira mochedwa, koma linalipira.
Lero boma lomwelo, litangosintha jekete,
landituma ndi tchizulo chomwechi
kuti ndidzafufute.

Kumsika nkhani sinapole.
Fidelia Condori, wogulitsa tiyi pasiteshoni,
amaloza kumwamba polumbira:
mabasi makumi atatu okatenga ovota kumapiri
anagona padepoti matanki ali mbee,
chonsecho dizilo analipiridwa Lachitatu.
Makiyi anasunga ndani? Casimiro,
mlamu wake weniweni wa pulezidenti,
uja ankamukonzera tayi asanakwere pansanja,
uja analira kwambiri kuposa onse pa wailesi,
lero ndi kazembe kutsidya kwa nyanja.
Nankafumbwe, akutero Fidelia, sachokera kutali,
amabadwira m'chimanga momwemo.

Aphunzitsi a Evaristo amangoseka.
Akuti dizilo savota.
Akuti funsani mtengo wa buledi chaka chimenecho,
funsani amayi amene ankagawa dzira limodzi panayi.
Wogwa, akuti, amatukwana mwala
osayang'ana chingwe cha nsapato yake.

Ine ndilibe mbali, ndili ndi hamala.
Go, go, go.
Chilembo choyamba chagwera mumtsinje.

Cha m'ma leveni takisi yaima kutsidya.
Watuluka mkulu wa chipewa chotuwa, wopanda omulondera,
ndodo m'manja, khosi litachepera kolala.
Ndinamudziwira makutu,
ndinawaona zaka zisanu pa ndalama ya pepala.
Sanakalipe. Anaima pambali panga
ngati munthu woonerera akumeta mnzake.
Kenaka: "Mmisiri, mwalawu ngolimba?"
Ndinati ngolimba, bwana, ngwa kuphiri kwathu.
"Anandigulitsa," anatero, osayang'ana ine,
"anthu amene ndinkadya nawo mbale imodzi.
Mabasi aja akanabwera..."
Mphepo inamaliza mawuwo.

Ndikanamuuza.
Kuti ine basi sindinaidikire,
ndinatsika phiri wapansi maola anayi, kusanache,
chithunzi cha Hilarión mng'ono wanga m'thumba,
amene mgodi unamumeza pamodzi ndi anzake khumi ndi mmodzi,
nduna nkubwera ndi nkhata za maluwa apulasitiki
ndi lonjezo la kafukufuku amene mpaka lero akufufuzabe.
Kuti ndinachonga dzina la winayo,
dzanja silinanjenjemere.

Ndikanamuuzanso
kuti mwana wanga Eulalia anadutsa pamlatho pano
usiku wa mvula, matenda atamuyamba,
mtsinje uli thothotho,
pomwe kale tinkangoima kutsidya nkumawerenga mitembo,
ndipo mdzukulu wanga lero akusewera mpira
chifukwa cha simenti ya munthu ameneyu.

Zonse ziwiri nzoona.
Pakamwa panga mpamodzi, sizikanatulukira limodzi,
ndiye ndinangoti: samalani fumbi, bwana.

Anawerama, mawondo akulira,
natola kachibenthu ka mwala,
mwendo wa chilembo chachitatu,
nakakulunga m'mpango ngati dzino la mwana.
Takisi inabwerera njira yomwe inadzera.
Pamlatho sinadutse.

Kaya Casimiro anabisadi makiyi, sindidziwa.
Kaya mabasi makumi atatu akanatembenuza dziko,
akudziwa ndi amene amawerenga mavoti osaponyedwa.
Chimene ndikudziwa ndi mwala:
ukausema mozama, sufufutika,
umangosintha bala.

Madzulo ndamaliza, kapitawo wasainira.
Mwala uli see, ngati chipumi cha khanda.
Koma kwagwa kamvula,
madzi akhala m'mikwingwirima ya tchizulo,
ndipo woima chapambali, dzuwa likapendeka,
atha kuwerengabe.
Malole a mbatata akudutsa pamwamba,
madalaivala sayang'ana n'komwe.